Chithunzi Chinatulukira kwa Aneba

Dzina loti Buleki anamupatsa ndi ophunzira ake. Ntchito yake inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo mawu otuluka pakamwa pake ankakhala omweomwewo: "Buleki! Buleki, mayi, khoma ilo!" Dzinalo linamukanirira mpaka linalowa naye m'nyumba, mkazi wake n'kulitola. M'galimoto anali munthu wolongolola, wosaopa lole kapena wapolisi wapamsewu. Koma akangoona apongozi ake aamuna, lilime linkachita ngati wina walimanga mfundo.

Sikuti bambowo anali ankhanza ayi. Anali munthu wofatsa, wamtali, amene anagwira ntchito yoyeza malo mpaka kupuma. Vuto linali maso awo. Ankayang'ana chilichonse ngati akufuna kudziwa ngati chinawongoka. Akayang'ana shelefu, Buleki ankayamba kuona kuti shelefuyo ndi yopendekeka. Akayang'ana iyeyo, ankangozindikira akukonza kolala. Chikwatirireni mwana wawo, macheza a awiriwa sankapitirira moni ndi nkhani ya mvula.

Tsono bambowo anawachita opaleshoni ya bondo pachipatala chimene mwana wawoyo ankagwirapo ntchito ya unamwino, ndipo madokotala anawaletsa kuyenda ulendo wautali bondolo lisanapole. Akazi awo anadzawadwazika kwa kanthawi, kenako n'kubwerera kukayang'anira nyumba ndi kagolosale kawo. Bambowo anatsala m'chipinda chakumapeto kwa kolido, ali ndi ndodo ziwiri zoyendera, kawailesi, ndi laputopu yakale yolemera ngati njerwa.

Loweruka lina m'mawa, namwinoyo akuvala nsapato zake zoyera pakhomo, anaitana mwamuna wake.

"Adadi akufuna kuona zithunzi zakale zija ndinaziika m'kompyuta ya pabalaza. Palinso china akufuna kupulinta. Foda ndi pulinta ndinazitsegula kale kuti aliyense wa m'nyumba muno azitha kuzifikira. Inu mungolumikiza laputopu yawo basi."

"Ine?"

"Inu amene. Mumaphunzitsa anthu kubwerera chambuyo pakati pa migolo, ndiye mulephere kudina kabatani?"

"Galimoto ikakana imalira, umamva pamene pakuvuta," anatero Buleki. "Izi zimangokuyang'ana."

Mkaziyo anaseka, anamutsina patsaya, n'kutuluka. Buleki anaima kanthawi akuyang'ana chitseko. Kenako anapisira malaya m'thalauza n'kulunjika kukolido ngati munthu waitanidwa ku ofesi ya bwana.

"Odi, Bambo."

"Lowani, Akamwini."

Anawapeza atakhala pabedi, mwendo wodwalawo uli pa pilo, atameta ndevu, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi. Laputopu inali pamiyendo, itatsegulidwa kale.

"Ndamva kuti muli ndi zofuna kupulinta."

"Kanthu kamodzi kokha. Koma ngati mwatanganidwa, si zachangu."

"Ayi, lero ndilibe ophunzira. Tizithetsa pompano."

Anayambira pabalaza. Kompyuta yaikulu inali patebulo lapakona, pulinta ili pambali pake, zitalumikizidwa ndi chingwe chakuda. Anayatsa zonse ziwiri, anaona kuti mapepala alimo, n'kuyesa kupulinta tsamba la zizindikiro zapamsewu limene ankapatsa ophunzira ake. Pulintayo inatsokomola pang'ono n'kulavula tsambalo lili bwinobwino. Mtima wa Buleki unakhala m'malo. Injini ilibe vuto, anadziuza. Chatsala n'chiwongolero.

Kuchipinda kuja zinthu sizinayende choncho. Anatsegula pamene pamaonekera makompyuta ena a m'nyumba, koma laputopuyo inkangodziona yokha. Kompyuta ya pabalaza panalibe, foda ya zithunzi panalibe. Anazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Anathamangira pabalaza kukazimitsa inayo n'kuiyatsanso. Anabwerera. Palibe chinasintha. Apongozi ake ankangoyang'ana zala zake mwakachetechete, ndipo zalazo zinayamba kuphonya mabatani.

"Tisiye kaye za zithunzi zambirizo," anatero akupukuta thukuta. "Tiyambe ndi pulinta. Chimene mukufuna kupulintacho chili m'laputopu momwemu?"

"Chili momwemu."

Anauza laputopuyo kuti ifufuze pulinta. Kachizindikiro kanazungulirazungulira, kenako dzina linatulukira, la zilembo ndi manambala osakanikirana, loyamba mofanana ndi lolembedwa pa pulinta yawo.

"Ndi imeneyi!" anafuula Buleki, n'kudzidzimuka ndi mawu ake omwe. "Pepani. Ndi imeneyi, Bambo. Tsopano sankhani chija, mudine apa."

Bambowo anatembenuzira laputopu kwa iwo eni, mwapang'onopang'ono, ngati munthu wobisa makhadi pamasewera. Buleki anazindikira, n'kuyamba kuyang'ana katani ngati ili ndi nkhani yofunika kwambiri.

"Ndadina. Ikuti yapulinta."

Buleki anapita pabalaza akumwetulira. Pulinta inali phee, kanyali kake kobiriwira kakuyaka mwaulemu. M'thireyi munalibe kanthu.

"Tadinaninso, Bambo!" anaitana ali pabalaza pomwepo.

"Ndadina!" anayankha mawu kumapeto kwa kolido.

"Palibe! Kachikenanso!"

"Ndadinanso!"

Aka kanali koyamba kuti Buleki akweze mawu polankhula ndi apongozi ake, koma analibe mpata wochita manyazi. Anatsegula chivundikiro cha pulinta n'kuuziramo mpweya. Anachotsa kabotolo ka inki, anakakhutchumula, n'kukabwezera. Anazula chingwe n'kuchisomeka pabowo lina. Anakwawira kunsi kwa tebulo kukatsata nthambo, kumene anapezako supuni imene inasowa kalekale, ndipo potuluka anagunditsa mutu kuthabwa mpaka makapu a pamwamba analira. Nthawi yonseyi ankafuula kuti adinenso, ndipo kuchipinda kuja ankadina mokhulupirika. Anaimbira mkazi wake. Foni inaitana mpaka kuduka, kenako kunabwera kauthenga kakafupi koti ali ndi wodwala.

Anatereka tiyi n'kupita naye kuchipinda, chifukwa panalibenso china chimene ankadziwa kuti angachichite osalakwitsa. Wailesi inkanena za nyengo chapansipansi.

"Zisiyeni, Akamwini," anatero bambowo atatha kapu. "N'zopanda ntchito kwenikweni. Ndakutayitsani m'mawa wonse."

Ananena mopepuka, koma dzanja lawo linali likusisita m'mphepete mwa laputopu, ndipo maso aja amene ankapeza chopendekeka paliponse anali atangoti ndwii pabulangeti. Buleki anali asanawaonepo choncho.

"Wophunzira akazimitsa galimoto pamphambano sititsika n'kumapita wapansi, Bambo. Timalizanso."

Asanamalize kunena, kunamveka kugogoda kwamphamvu pachitseko chakumaso.

Anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankaphika makeke a maoda. Nyumba ziwirizi zinali zogundana khoma, ndipo Loweruka lililonse fungo la vanila linkadutsa popanda kuodira. Mayiyo anali atavala epuloni, ufa uli m'mikono mpaka m'zigongono. Dzanja lina linali ndi mbale yovundikira, lina mulu wa mapepala.

"A Buleki, tandithandizani. Mtsikana uyu ndi ndani, ndipo akufuna chiyani m'khitchini mwanga?"

Anam'tambasulira mapepalawo. Anali onyezimira, olimba, aja omata amene mayiyo ankapulintapo dzina la bizinesi yake n'kumadula kuti amate pamabokosi a makeke. Pa lililonse panali chithunzi chimodzimodzi: mtsikana atatsamira njinga, mutu atapendeketsa, akuseka mano onse pamtunda.

"Ndili pakati pokanda, ndangomva pulinta yayamba yokha," anapitiriza mayiyo. "Ndinati mwina ndi ana. Kupita, nkhope. Ndisanaganize n'komwe, ina. Ina. Ine mpaka kupemphera, a Buleki! Koma nditayang'anitsitsa ndati ayi, mphumi iyi ndimaiona ikudutsa pazenera langa m'mawa uliwonse."

Buleki anayang'anitsitsa chithunzicho. Mphumiyo ankaidziwa. Kasekedweko ankakadziwa bwino kuposa wina aliyense. Koma diresi lamadonthomadontholo anali asanalionepo, ndipo m'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka mkono wa mwamuna, wovala wotchi, utagwira phewa la mtsikanayo mosaopa.

"Ameneyu ndi mkazi wanga," anatero. "Koma mkono uwu..."

Kumbuyo kwake kunamveka ndodo zikugunda pansi, go, go, go. Apongozi ake anali atafika pakati pa kolido, akupuma mwabefu.

"Ayi, Akamwini," anatero. "Wanu ali kuntchito. Ameneyo ndi wanga."

Mayi wa makeke anaphulika ndi phwete mpaka anagwira felemu ya chitseko. Buleki anayang'ananso chithunzicho n'kuona zimene mantha anamubisira: mtundu wa njingayo, kapesedwe ka tsitsi, kufiirira kwa chithunzi chakale. Anali apongozi ake aakazi, ali mtsikana. Anathamanga kukatenga mpando kuti bambowo akhale, makamaka pofuna kubisa nkhope yake.

"Koma zafika bwanji kwa inu?" anafunsa Buleki.

"Kodi simuli pa waifai yanga inu?" anatero mayiyo akupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni. "Tsiku lija Bambo anabwera kuchokera kuchipatala intaneti yanu inali itatha. Akazi anu anadzapempha pasiwedi yanga kuti Bambo alankhule ndi abale."

Buleki anakatenga laputopu n'kudina pakachizindikiro kapakona. Zoonadi, inali pa netiweki ya aneba. Chipinda cha apongozi chinali chogundana ndi khitchini ya mayiyo, ndiye laputopuyo inangokakamira kumene netiweki inkagwira mwamphamvu. M'mawa wonse iye ankafunafuna kompyuta ya pabalaza ali m'nyumba ya eni.

Bambowo anakonza pakhosi n'kupepesa mwadongosolo, ngati akulankhula pamsonkhano. Anati mapepala onse awonongekawo adzawabweza.

"Musatero, Bambo, mwandisangalatsa tsiku lonse," anatero mayiyo. "Zaka zonsezi muli pabanja mukupulintabe chithunzi chawo? Anga aja ngakhale pafoni alibepo changa. Anaikapo timu ya mpira."

"Ndimangoyesa makina," anatero bambowo, maso ali kudenga.

"Eee, kuyesa makina. Landirani izi, ndi zodulidwa m'mphepete, mumwere tiyi poyesa makinawo."

Anasiya mbale ija ndi mapepala onse, n'kumapita akusekabe. Kuseka kwake kunkamvekabe kudzera kukhoma.

Amuna awiriwo anatsala pabalaza, mulu wa nkhope uli pakati pawo. Buleki ankaopa kuti apongozi ake akhumudwa, koma atawaba ndi diso anaona milomo yawo ikunjenjemera, akulimbana nako kumwetulira.

"Tinadina kambiri ndithu," anatero bambowo akusanthula mapepalawo.

"Ndine ndimakuuzani kuti mudine."

"Ine n'kumamvera."

Anauza laputopu kuti iiwale netiweki ya aneba n'kuilowetsa pa yawo. Pabalaza inagwira bwino. Koma Buleki atapita nayo kuchipinda kukayesa, timizere ta mphamvu tinatsika mpaka kutsala kamodzi, kenako nako n'kuzimirira. Atabwerako n'kufotokoza, bambowo anafunsa kumene kuli kabokosi kogawa intaneti. Buleki anasuntha tebulo la TV n'kuwaonetsa rauta ili pansi, kuseri, itavundikiridwa ndi manyuzipepala akale.

Maso a bambowo anadzuka. Anayang'ana kabokosiko, anayang'ana khomo la kolido, anatsinzina diso limodzi n'kuloza ndi ndodo.

"Pamenepo kakuona chiyani? Khoma ndi miyendo ya tebulo basi. Kaikeni pamwamba pa kabati apo, kayang'ane kolido."

Nthambo inali yaifupi, ndiye Buleki anakazula ekisitenshoni ya ayironi. Anakwera pampando rauta ili m'manja, apongozi ake akulamula ali pansi.

"Kumanzere pang'ono. Ayi, mwapitirira. Bwererani. Pang'ononso. Imani pomwepo!"

"Bambo, mukanakhala mphunzitsi wabwino wa galimoto."

"Inu mukanakhala wogwira tepi yoyezera wovuta. Mumasuntha musanamve mbali."

Buleki anaseka ali pampando pomwepo mpaka unagwedezeka. Kukayesanso kuchipinda, timizere tinadzaza.

Komabe kompyuta ya pabalaza sinaoneke. Anakhala pasofa moyandikana, laputopu ili pamiyendo ya bambowo, akuyang'ana malo opanda kanthu aja. Mwamwayi foni ya Buleki inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mkazi wake, wolankhulidwa mothamanga, kumbuyo kukumveka matayala a bedi la odwala.

"Ndaona munaimba. Ngati sizikuonana, onani ngati laputopu ikudziwa kuti ili kunyumba. Ikamaganiza kuti ili pamalo a anthu ambiri imadzibisa, ndipo nayo siona anzake. Muisinthe. Komanso ya pabalaza isagone. Ndapita, akundiitana."

Anaumvera kawiri. Kenako anayamba kufufuza, bambowo atavala magalasi akuwerenga mokweza mawu aliwonse otuluka pasikirini, Buleki akuloza poti adine. Analowa molakwika kangapo, kwina n'kusintha mtundu wa sikirini mwangozi. Potsiriza anapeza timadontho tiwiri, kena ka netiweki ya pagulu, kena ka netiweki ya panyumba. Kosankhidwa kanali ka pagulu.

"Ndiye nthawi yonseyi inkadziyesa mlendo m'nyumba muno," anatero bambowo.

"Si mlendo, Bambo. Ndi ya pakhomo pano. Dinani kachiwiriko."

Bambowo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako anadina.

Panalibe chinatuluka. Buleki anatsala pang'ono kugwira mutu, koma anakumbukira mawu omaliza a mkazi wake. Anacheuka n'kuona sikirini ya pakona ili bii. Anadzuka, anagwedeza mausi, kompyutayo n'kudzidzimuka.

"Yabwera!" anafuula bambowo. "Akamwini, yabwera, iyi!"

Kachithunzi ka kompyuta kanali kataonekera, dzina lake lili pansi. Anadinapo kawiri. Panatuluka kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi ya kompyuta ya pabalaza. Dzina linali losavuta. Bambowo analemba, n'kuimika chala chimodzi m'mwamba.

"Tchulani pasiwedi."

Apa Buleki anayamba kukonza kolala. Pasiwediyo ankaidziwa bwino. Anaisankha ndi mkazi wake, tsiku lina akuseweretsana, ndipo sanaganizepo kuti idzafunika kutchulidwa pamaso pa munthu, makamaka munthu uyu.

"Bwanji ndingolemba ndekha, Bambo?"

"Nanga mawa ikafunsanso inu muli kumsewu? Ndiidziwe. Tchulani."

"Ka... Kabuleki."

Chala chinatsika pa chilembo chimodzichimodzi. "Ka-bu-le-ki. Basi?"

"Pali zina."

"Ndikumva."

"Kanga," anatero Buleki akuyang'ana zala zakumapazi. "Kokondeka."

Nkhope ya bambowo sinasinthe ngakhale pang'ono. "K wamkulu kapena wamng'ono?"

"Onse atatu aakulu."

Analemba modekha, akutchula chilembo chilichonse. Anadina. Kabokosiko kanagwedezeka n'kukana.

"Yakana. Mwina ndaphonya penapake. Bwerezani, mokweza, khutu ili silimva bwino."

"Kabuleki Kanga Kokondeka," anatero Buleki momveka bwino, ngati munthu wovomera mlandu kukhoti.

Ulendo uno inalola. Koma bambowo sanayang'ane sikirini. Mapewa awo anali akugwedezeka, ndipo posakhalitsa anavula magalasi n'kuseka kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, mpaka bondo linawakumbutsa kuti lilipo. Buleki anabisa nkhope m'manja, koma naye kuseka kunamugwira.

"Musachite manyazi," anatero bambowo akupuma. "N'zakumtundu. Amayi anu aja ine amanditchula Mlongoti. Mlongoti Wanga. Pamaso pa anthu ndine Bambo, koma tikatsala awiri ndine mtengo wopachikapo mbendera. Mukauza munthu, ndidzakana."

"Sindinamve kanthu, Bambo."

Foda inatseguka, zithunzi n'kudzaza sikirini. Buleki anakatenga mbale ya makeke ija, anaterekanso tiyi, n'kuyamba kuzidutsa chimodzichimodzi. Munali mkazi wake ali khanda, atakwinya nkhope m'beseni. Munali iye yemweyo ali kamtsikana kopanda mano akutsogolo, atavala chipewa cha bambo ake chakuntchito. Munali galimoto yoyamba ya banjalo, imene Buleki anaizindikira mtundu wake asanauzidwe, ndipo anakambirana za giya yake kwa nthawi ndithu. Chithunzi cha njinga chija nachonso chinalimo.

"Mkonowo ndi wanga," anatero bambowo. "Wojambula anali mnzanga, ankanjenjemera manja, anandidula. Mukudziwa mmene tinakumanirana?"

"Ayi, Bambo."

"Tinkayeza msewu wodutsa kuseri kwa nyumba ya kwawo. Ndinakhoma mitengo yanga yoyezera, yopaka utoto wofiira ndi woyera, mowongoka bwino. M'mawa mwake ndikupeza iwiri yazulidwa, yakhomedwa pabwalo, pakati pake pali chingwe, pachingwepo pali zovala. Ntchito ya tsiku lonse yapita. Ndinapita kukadandaula nditakwiya zedi. Anatuluka iyeyo, thovu lili m'manja, n'kundiuza kuti ndidikire zovala ziume."

"Ndiye munatani?"

"Ndinadikira. Mawa lake ndinapitanso kukadandaula. Mkuja wakenso. Msewu unatha, ine ndikupitabe kukadandaula."

Buleki anaganiza za apongozi ake aakazi monga ankawadziwira, mayi wachangu wa mawu akuthwa amene ankatha kuthamangitsa woledzera pagolosale ndi tsache, ndipo anaona kuti nkhaniyo inkawakwana bwino.

Inatsala pulinta. Anafufuta ya aneba ija kuti isadzawapusitsenso, n'kudina pa imene inkaoneka pansi pa dzina la kompyuta ya pabalaza. Panatuluka uthenga wina. Bambowo anauwerenga atatsinzinira.

"Ikuti ikufuna dalaivala."

"Dalaivala?"

"Si muli pano inu? Iuzeni."

Anali kapulogalamu kothandiza laputopu kulankhula ndi pulintayo. Anavomera, kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Bambowo anatsegula chithunzi chija, ulendo uno osatembenuza sikirini, n'kuyang'ana mkamwini wawo.

"Kamodzi kokha, Bambo."

"Kamodzi kokha."

Anadina. Kwa kamphindi kunali zii. Kenako pakona paja panamveka kutsokomola kuja, pepala linakokedwa, ndipo mutu wa mtsikana unayamba kutuluka, kenako phewa, kenako njinga. Buleki anadikira kuti lithe, analigwira m'mbali kuti inki isafufutike, n'kulipereka ndi manja awiri.

Linali pepala wamba, mitundu yake yofowoka poyerekeza ndi onyezimira a aneba aja. Koma bambowo analigwira nthawi yaitali akuliyang'ana.

"Chikwatiranireni sitinatalikiranepo chonchi," anatero potsiriza. "Pafoni amangondifunsa ngati ndamwa mankhwala. Ine n'kumayankha za mankhwala. Usiku ndimatembenuka kuti ndiwauze kanthu, n'kupeza khoma." Anapukusa mutu, ngati akudzidabwa. "Zikomo, mwana wanga. Mwavutika nane lero."

Buleki anadzuka n'kukafufuza m'kabati, n'kubwera ndi felemu imene munali satifiketi yake ya uphunzitsi wa galimoto. Anaichotsa satifiketiyo n'kulowetsamo chithunzicho. Chinakwana ngati anachita kuyeza.

Namwino uja atabwera madzulo, dzuwa lisanalowe, anaima pakhomo chikwama chili paphewa. Patebulo panali mbwee zithunzi zopulintidwa, makapu ndi nyenyeswa za keke. Rauta inali pamwamba pa kabati. Bambo ake ndi mwamuna wake anali pasofa limodzi, akutsutsana mokweza ngati galimoto ya m'chithunzi inali ya magiya anayi kapena asanu. Pachivundikiro cha laputopu panali patamatidwa nkhope ya mayi ake.

"Kodi zatheka?"

"Zatheka, mwanawe," anayankha bambo ake osatukula mutu. "Pasiwedi yako ndi yaitali, koma ndi yabwino."

Mkaziyo anaima chilili. Anayang'ana mwamuna wake, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kutola nyenyeswa. Kenako anaphimba kumaso ndi chikwama n'kuthawira kukhitchini, akufuula kuti m'nyumba muno simusungika chinsinsi.

Madzulo omwewo, onse ali kuchipinda kwa bambowo, apongozi aakazi anaimba pa vidiyo. Ataonetsedwa felemu ija anadandaula kuti pa zithunzi zonse asankhiranji chimene tsitsi linali losapesa bwino. Atamva kuti nkhope yawo inakatulukira m'khitchini mwa eni, anaseka mpaka foni inawagwa m'manja, ndipo kwa kanthawi onse atatu ankangoona denga la golosale. Ataitola anauza mwana wawo ndi mkamwini kuti apite kaye akaone zapamoto. Awiriwo anatuluka n'kutseka chitseko, ndipo nkhani ya kuchipindako inatenga nthawi moti chakudya anachita kutenthetsanso.

M'mawa mwake Buleki ali kukhitchini akudikira madzi kuti awire, mkazi wake akudula buledi, anamva pulinta ikudzuka yokha pabalaza. Anayang'anana. Buleki anapita n'kubwera ndi pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu zodzaza tsamba lonse: KUNO ANTHU ADZUKA. TIYI AKAPSA, MAKAPU AKHALE AWIRI.

Anatsitsa thireyi, anaikapo makapu awiri ndi shuga, n'kutenga buledi amene mkazi wake anali atangopaka majarini.

"Nanga ine?" anafunsa mkaziyo.

Buleki anayang'ananso pepalalo, anatembenuza kuseri, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Pepani, mayi. Inu simunalembedwe."